Kawetedwe ka tarantula wamkulu wokhala pansi mu Johannesburg

Tarantula, kangaude wamkulu waubweya, akafa m'manja mwa woweta watsopano, kawirikawiri chamupha chimakhala chimodzi mwa izi: wagwa kuchokera pamwamba pa bokosi lalitali n'kuphulika mimba, wapsa ndi chotenthetsera choikidwa kunsi kwa bokosi, walumidwa ndi chakudya chake chomwe ali mkati mofundula, kapena wapuma Doom amene wina anapopera mphemvu m'chipinda. Zonsezi zimapeweka ngati bokosi lakonzedwa bwino kangaudeyo asanafike pakhomo.

Malangizowa alembedwa poganizira Lasiodora parahybana, wa ku Paraíba m'dziko la Brazil, amene miyendo yake ikatambasuka imafika masentimita 20 mpaka 25. Amakula msanga, sasankha chakudya, ndipo akakula amakonda kukhala poyera pomwe mungamuone. Njira yomweyi imagwiranso kwa Acanthoscurria geniculata wa mawondo oyera. Theraphosa blondi, amene amafika masentimita 30, musayambe naye: amafuna dothi lonyowa nthawi zonse pamodzi ndi mpweya wambiri, ndipo mpweya wouma wa kuno m'nyengo yozizira sulola woyamba kumene kulakwitsa.

Zofunika kukhala nazo

- Bokosi la pulasitiki yoonekera mkati kapena lagalasi, la masentimita 60 mulitali, 40 mulifupi ndi 30 kupita mmwamba, lokhala ndi chivindikiro chokhoma. Ili ndi la kangaude wamkulu. Wa masentimita 5 mpaka 8 amakwanira m'bokosi la 20 kwa 15.
- Njerwa 5 za coco peat (zinyenyeswa za chikoko cha kokonati zotsenderedwa, zimene zidzakhale dothi la m'bokosi) za magalamu 650 iliyonse, zopanda feteleza
- Khungwa la cork lopindika, loti kangaude alowe yense
- Mbale yosaya ya madzi, ya masentimita 8 mpaka 10 pakamwa, yolemera moti asaigubuduze
- Chopanira chachitali cha masentimita 25 kapena 30
- Burashi yofewa yopentera
- Kapu yaikulu ya pulasitiki yoonekera mkati ndi katoni yolimba yotsekera kukamwa kwake
- Thermometer, heat mat (kamphasa kamagetsi kotenthetsera) yaing'ono ndi thermostat (kachida kozimitsa heat mat kutentha kukakwana)
- Magolovesi a labala
- Kapaketi ka Maizena
- Drill kapena msomali wootcha pamoto woboolera

Gawo 1: Dziwani amene mukugula

Gulani kwa munthu woswetsa akangaude kapena kusitolo ya ziweto, ndipo akulembereni dzina lasayansi pa lisiti. Funsani tsiku limene anafundula komaliza ndi tsiku limene anadya komaliza. Wogulitsa amene sakudziwa ziwirizi samuyang'anira kangaudeyo.

Yang'anani mimba yake. Ikhale yozungulira, yosafota, yopanda chotupa kapena bala. Dazi pamimba si matenda, ndi pamene wakhala akupalasa ubweya podziteteza. Wamkazi amakhala zaka zopitirira 10, pamene wamwamuna akakhwima amangotsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Mukaona timiyendo tiwiri tatifupi ta pafupi ndi kamwa tatupa kunsonga, ndiponso tingowe kunsi kwa miyendo iwiri yakutsogolo, ameneyo ndi wamwamuna wokhwima, ndipo mtengo wake uyenera kutsika.

Chenjezo: amene mumagwira ntchito m'magadeni kapena pa zomangamanga mumakumana ndi maenje ozungulira okhala ndi ulusi woyera kukamwa. Mmenemo mumakhala tarantula wa kuno wotchedwa baboon spider, monga Harpactira hamiltoni wa m'maudzu a Highveld, dera lokwera limene muli Johannesburg. Musamukumbe. Mitundu ya Harpactira, Ceratogyrus ndi Pterinochilus inaikidwa pa mndandanda wa zotetezedwa mu 2007 pansi pa lamulo la South Africa loteteza zachilengedwe la NEMBA la 2004, ndipo kuigwira, kuisunga kapena kuigulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Komanso ululu wawo ndi wowawa kuposa wa ma tarantula a ku Brazil, ndipo amathamanga. Ngakhale wa kunja amene mukufuna, funsani kaye ku ofesi ya boma la Gauteng yoona zachilengedwe ngati pakufunika chikalata.

Gawo 2: Boolani bokosi

Boolani mizere iwiri ya mabowo m'mbali ziwiri zoyang'anizana, bowo lililonse la mamilimita 4 kapena 5, motalikirana masentimita 3. Mzere wammunsi ukhale pamwamba pang'ono pa pomwe dothi lidzalekezere. Onjezani mabowo ochepa pa chivindikiro. Mpweya uyenera kulowa mbali ina n'kutulukira mbali inayo. Mabowo a pamwamba pokha sachotsa chinyezi chomwe chimakhazikika pansi, ndipo chuku chimayambira pamenepo. Palani mabowowo kuti asakhale akuthwa.

Chenjezo: matanki a nsomba ndi a abuluzi amabwera ndi chivindikiro cha sefa yawaya. Tarantula ali ndi tizikhadabo tiwiri kunsonga kwa mwendo uliwonse timene timakodwa mu sefa. Amalendewera, n'kuthothoka mwendo kapena kugwa. Wamkulu amathanso kuiboola ndi mano. Chotsani sefayo muike perspex (pulasitiki yolimba yoonekera mkati) yoboola.

Gawo 3: Thirani dothi lokwanira

Viikani njerwa iliyonse ya coco peat m'malita 3 a madzi ofunda mpaka imasuke. Finyani ndi manja kuti pasadonthe madzi, muiyanike tsiku limodzi kapena awiri, kenaka muithire m'bokosi mukutsendera ndi chikhatho. Dothi losatsendera limatitimira kangaude akamayenda, ndipo iye amathawira kukhoma.

Dothi lifike masentimita 15. Ambiri amaona ngati n'kuwononga malo, koma kuchuluka kwa dothi n'kumene kumachepetsa mtunda wogwa. Lamulo lake ndi ili: kuchokera pa dothi kufika pa chivindikiro, mpata usapose utali wa miyendo ya kangaudeyo kamodzi ndi theka. Kangaude wa masentimita 10 asakhale ndi mpata woposa masentimita 15. Khungu la mimba yake ndi lopyapyala ndipo iye ndi wolemera. Akatsetsereka pa galasi n'kumenyetsa mimba pa mbale ya madzi, imang'ambika.

Musatape dothi la m'gadeni kapena la m'matumba a maluwa, chifukwa limakhala ndi feteleza ndi mankhwala. Utuchi wa paini ndi timiyala ta m'tanki ya nsomba nazonso ayi.

Gawo 4: Ikani pobisala ndi madzi

Kwirirani khungwa la cork mpaka theka pakona imodzi, mupaleko kadzenje kunsi kwake ndi zala kuti adzapitirize yekha. Mbale ya madzi ikhale kumbali inayo, yomira pang'ono m'dothi, yotalikira khoma. Miyala yosongoka ndi nthambi zoimirira zisalowemo.

Madzi a pampopi ali bwino. Asiyeni agone usiku m'botolo lotsekula. Musaikemo siponji kapena thonje. Tarantula samira m'mbale yosaya, popeza amamwa ndi kamwa imene ili kutsogolo pamene mapapu ake anayi ali kunsi kwa mimba. Siponji imangosunga dothi ndi majeremusi.

Za chinyezi musavutike n'kuthamangitsa manambala. Kamodzi pa sabata kapena masabata awiri, sefukiritsani mbaleyo kuti kona imodzi inyowe mpaka pansi, kwina konse kukhale kouma pamwamba. Mukayang'ana m'mbali mwa bokosi muone dothi lakuda kunsi ndi lotuwa pamwamba. Kuyambira May mpaka September mpweya wa Johannesburg umauma kwambiri, mbale imaphwa msanga, ndiye muziiyang'ana tsiku lililonse. Mvula ikayamba mu October chepetsani kuthirira. Kupopera madzi pa kangaude weniweniyo kumangomukwiyitsa.

Gawo 5: Sankhani malo m'nyumba

Pasakhale dzuwa lolowera pawindo, chifukwa bokosi lotsekeka limatentha msanga. Pasakhale pamwamba pa firiji, pafupi ndi sipika kapena pa tebulo limene ana amagundagunda: tarantula saona bwino, amamva dziko kudzera m'kunjenjemera kwa pansi. Kukhitchini kusakhale, chifukwa cha utsi ndi nyerere. Ngati nyerere zilipo kale, pakani Vaseline mozungulira miyendo ya shelefu.

Nkhani ya mankhwala ndi yaikulu kwa ife okhala m'maflat ndi m'zipinda za lendi ku Rosettenville, Yeoville kapena Turffontein, kumene mphemvu ndi nsikidzi zimachititsa kuti munthu asagone popanda chitini cha Doom. Mankhwala opha tizilombo amaphanso kangaude, ndipo safunika kumugwera pathupi. Mpweya wokha ukwanira. M'chipinda chimene muli bokosi musapopere, musayatse koilo ya udzudzu, musalumikize timakina ta udzudzu ta pa soketi. Uzani onse a m'nyumba, kuphatikizapo mlendo wongogona masiku awiri. Pemphani alandilodi kapena akeyateka azikuuzani tsiku lopopera nyumba yonse lisanafike, kuti mutengere bokosi kwa mnzanu kwa masiku angapo, ndipo libwerere chipinda chitapitidwa mphepo bwinobwino. Mukagwira galu kapena mphaka amene wathiridwa mankhwala a utitiri, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze chilichonse cha m'bokosi.

Kangaude amene wapuma mankhwala amayenda modzandira, miyendo ikugwedezeka mosagwirizana. Msamutsireni m'bokosi loyera, pa dothi latsopano, m'chipinda china, ndi madzi pafupi. Ena amapulumuka, ena ayi.

Gawo 6: Konzekerani June ndi July

Kutentha koyenera ndi madigiri 22 mpaka 27. M'nyengo yotentha zipinda zambiri zimakwanitsa zokha. Vuto ndi nyengo yozizira ya kuno: Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, usiku wa June ndi July kumazizira mpaka chisanu kugwa pa udzu, ndipo zipinda za malata zimatsatira kuzizira kwa panja.

Matani heat mat kunja kwa khoma limodzi la m'mbali, pamwamba pa mzere wa dothi, isaphimbe kuposa theka la khomalo. Ilumikizeni ku thermostat yoikidwa pa madigiri 25, ndipo kachingwe koyezera kamatidwe pa khoma lomwelo. Mbali inayo ikhale yozizirira kuti azisankha yekha.

Chenjezo: musaike heat mat kunsi kwa bokosi. Kuthengo tarantula akamva kutentha amakumba kupita pansi kukafuna pozizira. Moto ukakhala pansi, akamakumba ndiye kuti akuupita chifupi, ndipo amauma ali mu una wake inu osadziwa. Mababu otenthetsera abuluzi nawonso amaumitsa.

Magetsi akathima usiku, fundikani bokosi ndi bulangete kusiya mbali imodzi ya mabowo, ndipo mutsamiritse kunja kwake botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo. Maola awiri kapena anayi a kuzizira samupha. Chimene chimamufooketsa ndi kukhala pansi pa madigiri 18 masabata ambiri. Mbaula ya makala ndi chitofu cha parafini zisakhale m'chipindamo, utsi wake ndi woipa kwa iye ndi kwa inu.

Gawo 7: Mulowetseni m'bokosi

Chitirani pansi, kapena m'bafa mutatseka potulukira madzi. Tsekani chitseko, valani magolovesi, kapu ikhale pafupi ndi dzanja. Ikani chigubu chimene wabweramo mkati mwa bokosi latsopano, chigonekeni, mutsegule, kenaka mumukhudze pang'ono miyendo yakumbuyo ndi burashi. Akayamba kuyenda musiyeni.

Akaimika miyendo yakutsogolo n'kuonetsa mano, lekani, tsekani bokosi ndi chigubucho momwemo, mudzachichotse mawa. Akamapalasa mimba ndi miyendo yakumbuyo, chotsani nkhope: ubweya umene ukuulukawo umayabwa ngati chitedze, ndipo ukalowa m'diso pamafunika dokotala. Musatikite diso, litsukeni ndi madzi ambiri mupite kuchipatala. Pakhungu, matani selotepi n'kumatula kangapo, kenaka musambe.

Akathawa musamugwire ndi dzanja. Amathamanga pang'ono n'kuima. Muvindikireni ndi kapu, mulowetse katoni kunsi pang'onopang'ono.

Sabata yoyamba musamupatse chakudya. Kukwerakwera makoma masiku oyambirira si kwachilendo, koma kukapitirira masabata awiri dothi lanyowa kwambiri.

Gawo 8: Kadyetsedwe

Chakudya ndi ma cricket (tizilombo tonga nkhululu), mphemvu za dubia ndi ma superworm (mphutsi zazikulu) ogula kusitolo ya ziweto. Kachilombo kasakule kuposa mimba ya kangaude. Wamng'ono adye kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Wamkulu adye ma cricket aakulu 3 kapena 4, kapena dubia wamkulu mmodzi, pa masiku 10 mpaka 14. Chokuuzani zoona ndi mimba: ikakhala yofanana ndi chigoba cha kumutu kapena yokulirapo pang'ono ali bwino, ikafika poikoka pansi, dumphitsani masabata angapo, popeza wonenepa ndi amene amaphulika akagwa.

Ponyani ndi chopanira madzulo, pafupi naye. Musamugwirizire chakudya pa chopanira chachitsulo, akhoza kuthyola dzino. Superworm ndi dubia muziziphwanya mutu kaye, apo ayi zimalowa m'dothi n'kudzatuluka tsiku limene kangaude ali wofewa. Chimene sanadye pofika mawa lake, chotsani. Chotsaninso kampira ka zotsalira kamene amasiya pakona, chifukwa ndi kamene kamaitana chuku, nthata ndi tintchentche.

Chenjezo: mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimadzaza pa getsi, ndipo mtima umafuna kumutolera. Musatero. Tizilombo ta panja tadutsa m'magadeni opoperedwa, ndipo ziwala zina za mawangamawanga monga nunkhadala zimadya zomera zaululu. Mphemvu za m'khitchini zadya kale poizoni. Parktown prawn, chilombo chachikulu chonga cricket cha m'magadeni a kumpoto kwa mzinda, ali ndi minga m'miyendo ndi nsagwada zolimba. Mbewa ndi anapiye sizofunika konse. Zimangoola m'bokosi n'kununkhitsa nyumba.

Gawo 9: Kufundula

Apa ndi pamene oweta atsopano amachita mantha n'kuwononga zinthu. Zizindikiro zimabwera motere: amakana chakudya kwa masabata, wamkulu mwina miyezi, dazi la pamimba limasintha kuchoka pa kutuwa kufika pakuda monyezimira, amayenda mwaulesi, ena amadzitsekera mu una ndi dothi ndi ulusi. Mukaona izi siyani kudyetsa, dzazani mbale ya madzi, ndipo musafukule una wotsekedwa.

Tsiku lake amaluka kamphasa ka ulusi n'kugona chagada, miyendo m'mwamba. Sanafe. Musamutembenuze, musamukhudze ndi burashi, musamuuzire mpweya, musasunthe bokosi. Chigoba cha kumutu chimatseguka, ndipo amasolola miyendo pang'onopang'ono. Wamng'ono amatha mu ola limodzi kapena awiri, wamkulu akhoza kutenga tsiku lonse. Cricket mmodzi woiwalika m'bokosi angathe kumudya nthawi imeneyi, choncho muyang'ane mwakachetechete ndi tochi ndipo mumuchotse ndi chopanira.

Wakufa kapena wodwala kwambiri amaoneka mosiyana: amakhala chafufumimba, miyendo yonse itapindikira kunsi kwa thupi. Miyendo ya kangaude imatambasuka ndi mphamvu ya madzi a m'thupi, ndiye akauma imapinda yokha. Mukamupeza chotero, musendezeni mofatsa kuti kamwa yokha ikhudze madzi a m'mbale, mimba ikhale kunja. Ngati vuto linali ludzu, amayamba kuwongoka pakapita maola.

Akamaliza kufundula thupi lonse limakhala lofewa, ndi mano omwe. Manowo amayamba oyera, kenaka ofiira, pomaliza akuda. Musadyetse mpaka ade: sabata imodzi kwa wamng'ono, masabata awiri kwa wamkulu. Dzino likapindika chifukwa chodya msanga limakhala choncho mpaka kufundula kotsatira, ndipo kwa wamkulu kumeneko kungakhale chaka chamawa. Mwendo umene unathothoka umameranso pofundula, woonda poyamba.

Khungu lakale musataye. Liviikeni m'madzi okhala ndi kadontho ka sopo, mutambasule mbali ya mimba, muyang'ane mkati pakati pa timabanga tiwiri toyera takutsogolo. Mukaona kachikopa kotukuka kamene mungakanyamule ndi nsonga ya singano, ndi wamkazi. Pakakhala posalala, ndi wamwamuna.

Gawo 10: Ukhondo ndi maulendo

Tsukani mbale ndi madzi otentha okha kawiri pa sabata. Zitosi zoyera za pakhoma pukutani ndi pepala lonyowa, popanda sopo kapena Jik. Chuku chochepa chotsani ndi supuni pamodzi ndi dothi lozungulira, ndipo musiye pamenepo paume. Dothi lonse silisinthidwa pokhapokha nthata zitachuluka kapena lanunkha. Ulusi umene wayala pansi ndi umene umamuuza kuti ali kwawo.

Mukamapita kumudzi pa December, wamkulu wodya bwino amatha mwezi wonse osadya. Mdyetseni sabata imodzi musananyamuke, chotsani zotsala, ikani mbale ziwiri za madzi, ndipo mupemphe munthu azingothira madzi kamodzi pa sabata popanda kuponyamo chilichonse. Musamunyamule pa basi: kudutsa naye pa Beitbridge ndi pa Mwanza kumafuna zikalata, mitundu ina monga Brachypelma ili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, ndipo kutentha kwa m'chikwama paulendo wa masiku awiri kungamuphe.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kumunyamula m'manja kuti ajambulidwe. Tarantula sazolowera munthu. Akadzidzimuka amathamanga kapena kuluma, dzanja limagwedezeka lokha, ndipo kugwa kuchokera pa msinkhu wa tebulo kungamuphe. Ululu wa Lasiodora si woopsa kwa munthu wathanzi, koma mano ake ndi aatali ndipo amasiya bala. Mukalumidwa tsukani ndi sopo, ndipo mukayamba kutupa kwambiri kapena kubanika thamangirani kuchipatala.

Kuika awiri m'bokosi limodzi. Mmodzi adzadya mnzake, ngakhale akhale a mimba imodzi.

Kuika wamng'ono m'bokosi la wamkulu pofuna kupulumutsa ndalama. Sapeza chakudya, amatulukira m'mabowo, ndipo mpata wogwa umakhala waukulu. Muzimukweza bokosi akamakula.

Kudyetsa mokakamiza chifukwa wakana mwezi wathunthu. Ngati mimba ili yozungulira ndipo madzi alipo, palibe vuto. M'nyengo yozizira ambiri amachepetsa kudya.

Kuiwala kukhoma chivindikiro. Wamkulu amakankha chivindikiro chongosanjika. Akasowa, tsekani zitseko, yang'anani pansi m'malo amdima ndi ofunda monga kuseri kwa firiji, m'nsapato ndi pansi pa bedi, ndipo muike mbale za madzi m'mphepete mwa khoma usiku.

Kusowa chochita akavulala. Mukaona madzi otuwa akudontha pamimba kapena pa mfundo ya mwendo, tapani Maizena ndi nsonga ya burashi muwaze pabalapo mpaka kudontha kuleke, osafikitsa kukamwa kapena ku mapapu a kunsi. Musendezereni mbale ya madzi, mutseke bokosi, ndipo musamupatse chakudya kwa sabata imodzi.